Duwa lopanda dzina lisalowe pakhomo

Chizolowezi chodzala maluwa m'miphika, m'zitini zakale za penti ndi m'matayala akutha chafala kwambiri m'matauni, ndipo ambiri amapeza mbewu popempha kanthambi kwa mnansi kapena pogula kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu. Duwa lotere limafika pakhomo lopanda dzina, mwiniwake n'kumalitchula potengera mtundu wa masamba ake basi, chonsecho dzina ndilo limaulula ngati chomeracho chimakonda dzuwa kapena mthunzi, komanso ngati n'choopsa kwa mwana wokwawa amene amaponya m'kamwa chilichonse chimene watola.

Njira yotchulira zomera ndi maina awiri a Chilatini, loyamba la gulu ndipo lachiwiri la chomeracho pachokha, inakhazikika m'chaka cha 1753 pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden anasindikiza buku lotchedwa Species Plantarum. Pofuna kupeza dzinalo, akatswiri amayang'ana mmene masamba akhalira pa tsinde, kapangidwe ka duwa ndi chipatso, ndiponso utomoni, womwe ndi madzi otuluka chomera chikathyoledwa. Kuno ku Malawi ntchito yosunga ndi kuzindikira zomera ili m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens, lomwe likulu lake lili ku Zomba.

Pa zomera za m'nyumba, chofunika kuchidziwa msanga ndi Dieffenbachia, chochokera kumadera otentha a ku Central ndi South America, chimene chimakhala ndi tsinde lonenepa ngati la nzimbe ndi masamba akuluakulu a mawangamawanga oyera kapena achikasu. M'masamba ndi m'tsinde mwake muli timibulu tosongoka ngati singano ta mchere wotchedwa calcium oxalate, tosaoneka ndi maso, ndipo munthu akatafuna, timasinganoto timabaya lilime ndi m'kamwa, motero m'kamwamo mumawotcha, dovu limachucha, lilime n'kutupa mpaka munthu kulephera kuyankhula. Chomerachi chimakula bwino pamthunzi, n'chifukwa chake chimaikidwa pabalaza, pansi penipeni pamene ana amasewera, ndipo apa ndiye pagona vuto.

Panja, choopsa kwambiri ndi Nerium oleander, chitsamba cha masamba aatali, opyapyala ndi olimba, omera atatuatatu kuzungulira nthambi, chomwe chimapereka maluwa oyera, apinki kapena ofiira. Mbali zake zonse, ngakhale masamba ouma, zili ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima. Nsatsi, zimene ena amadzala chifukwa cha masamba ake ofiirira, zili ndi poizoni wotchedwa ricin m'njere zake, ndipo dzina lake la Chilatini, Ricinus, limatanthauza nkhupakupa, poti njerezo zimaonekadi ngati nkhupakupa yokhuta magazi. Nkhadze ndiye aliyense amaidziwa ngati mpanda, komabe anthu amaisadzulira opanda chophimba kumaso, pamene utomoni wake woyera ngati mkaka ukagwera m'diso umapweteka koopsa ndipo ungachititse khungu kwa masiku angapo. Diso lotere litsukidwe ndi madzi aukhondo kwa mphindi zosachepera 15, ndipo mwana amene watafuna chomera chokayikitsa asasanzitsidwe dala, koma atsukidwe m'kamwa ndi kutengeredwa kuchipatala pamodzi ndi kanthambi ka chomeracho.

Kumbali ya kasamalidwe, maluwa ambiri a m'miphika amafa ndi madzi ochuluka kusiyana ndi ludzu, pakuti mizu nayo imapuma, ndipo dothi likakhala lonyowa nthawi zonse mpweya umasowa, mizu n'kuwola. Mphika uyenera kukhala wobowola kunsi, dothi lisakanizidwe ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino, ndipo wothirira ayambe wapisa chala m'dothi kuti amve ngati lauma. Madzi otsalira m'kambale ka pansi pa mphika ndi malo amene udzudzu wa mtundu wa Aedes, wofalitsa matenda a dengue ndi chikungunya, umakonda kuikiramo mazira, ndipo poti dzira limasanduka udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, kambaleko kazikhuthulidwa ndi kukwechedwa sabata iliyonse.

Mawu ofala oti maluwa amayeretsa mpweya wa m'nyumba anachokera ku kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 1989, amene anachitikira m'mabokosi otsekeka. Mu 2019 akatswiri a ku Drexel University ku America anawerengera kuti pangafunike zomera 10 mpaka 1,000 pa sikweya mita imodzi kuti zifanane ndi mpweya wolowa ndi kutuluka m'nyumba mwa masiku onse, choncho zenera lotsekula limagwira ntchitoyi kuposa mphika wa maluwa.

Aliyense wogula kapena wopempha mbande afunse dzina lake asanailowetse pakhomo, ndipo chomera chilichonse chotuluka utomoni woyera chiikidwe pamwamba pamene dzanja la mwana silingafike.