ZA MALO NDI NYUMBA, GAWO LACHITATU: Kodi Ejenti Ndi Nkhoswe ya Yani?

M'gawo lapitalo tinakambirana za kusiyana kwa malo a makolo ndi malo a lizi. Lero tiyeni tione za munthu amene amaima pakati pa wogula nyumba ndi wogulitsa, yemwe masiku ano timamutcha ejenti.

Aliyense wodziwa mwambo wa chinkhoswe akudziwa kuti mwamuna amakhala ndi nkhoswe yake, mkazinso ndi yake. Sizinamvekepo kuti munthu mmodzi n'kukhala nkhoswe ya kuchimuna ndi kuchikazi komwe, pakuti tsiku la mlandu angalankhulire yani? Koma pogula nyumba, chinthu chimene ambiri a ife timachita kamodzi kokha pa moyo wathu, timalola munthu mmodzi kuimira mbali zonse ziwiri, popanda ngakhale kapepala konena kuti iyeyo ndi wa yani.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuno ku Salima. Chisamukireni likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, gombe la Senga Bay lakhala ngati khonde la anthu a mumzindawo. Malo ena amene kale asodzi ankayanikapo usipa tsopano anazingidwa ndi mipanda ya njerwa. Pamene pachuluka ogula pamachulukanso anthu oyenda ndi lamya m'manja, odziwa nyumba iliyonse yogulitsidwa kuyambira ku Lifuwu mpaka ku Chipoka. Ena mwa iwo ndi anthu okhulupirika. Ena ndi madobadoba chabe.

Mphunzitsi wina wachikulire, amene ndinagwira naye ntchito pasukulu imodzi, atapuma pantchito anafuna kugula kanyumba pafupi ndi nyanja. Mu Okotobala 2023 mnyamata wina waulemu anamutengera ku nyumba ya zipinda zitatu, atayamba walandira ndalama yoonera nyumba. Madzi anali kutali, pakati pali mchenga woyera. Mtengo unatchulidwa kuti ndi K18 miliyoni, ndipo mkuluyo anapereka chikole cha K3 miliyoni m'manja mwa mnyamatayo, nalonjeza kumaliza zotsalazo ndalama zake za penshoni zikatuluka. Panalibe cholembedwa chilichonse.

Pofika Epulo 2024 mafunde anali kumenya pakhonde pa nyumba ija. Mkulu uja anapita kwa mwini nyumba kukapempha chikole chake, ndipo kumeneko anamva zinthu ziwiri zimene zinamufoola nkhongono. Choyamba, mwini wakeyo ankafuna K15 miliyoni basi. Chachiwiri, sanalandireko ngakhale tambala ya chikole. Mnyamata uja atapezeka anati ndalamazo zinali malipiro a thukuta lake. Nanga akanatsutsidwa ndi chiyani? Mboni panalibe, lisiti panalibe. Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu wokulira m'mphepete mwa nyanja amadziwa kuti madzi amafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi, kenaka n'kumabwerera mpaka Novembala kapena Disembala. Amadziwanso kuti zaka zina nyanja imapitirira malire ake a masiku onse, monga inachitira mu 1980, ndiponso mu 2024 pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Mnyamata uja zonsezi ankazidziwa. Sanazinene chifukwa sanali nkhoswe ya wogula. Phindu lake linali pa kutheka kwa malondawo.

Tsono mankhwala ake n'chiyani? Musanapite kukaona nyumba yoyamba, musanatulutse ndalama iliyonse, lemberanani pangano ndi ejenti. Pangano limeneli si lofanana ndi lija logulitsirana nyumba, limene mumasayinirana ndi mwini wake pambuyo pake. Ili ndi la inu ndi ejenti basi, ndipo likhoza kukwana pa tsamba limodzi, m'Chichewa chomveka bwino. Liyenera kuyankha mafunso asanu.

Funso loyamba: kodi ejentiyu akugwirira ntchito yani? Ngati anatumidwa kale ndi mwini nyumba, alembe zimenezo poyera. Si tchimo kuimira wogulitsa, koma wogula adziwe kuti mawu otamanda nyumbayo akuchokera kwa munthu wa mbali inayo.

Lachiwiri: adzalandira zingati, kuchokera kwa yani, ndipo liti? Chiwerengero chilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe. Palembedwenso kuti mtengo umene adzakuuzani ndi womwewo umene mwini nyumba watchula, ndi kuti mudzakumana ndi mwini wakeyo maso ndi maso. Malipiro aakulu aperekedwe malonda atatha.

Lachitatu: chikole asunga ndani? Nzeru yabwino ndi yakuti chisadzere m'thumba la ejenti. Chiperekedwe kwa mwini nyumba kudzera ku banki, kapena chisungidwe ndi loya, ndipo palembedwe zifukwa zimene chingabwezedwere.

Lachinayi: ejenti ayenera kufufuza ndi kuulula chiyani? Alonjeze kukuonetsani zikalata za malowo ndi malire ake. Ngati ndi malo a lizi, muone zaka zotsala, ndipo mukatsimikize ku Unduna wa za Malo kuti dzina lolembedwa kumeneko ndi la wogulitsayo. Ngati ndi malo a makolo, nkhaniyo ifike kwa mfumu ndi kwa abale a wogulitsa. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linakhazikitsa makomiti oona za malo m'dera la gulupu aliyense. Pamene komiti yotere ilipo, ifunsidwe. Ngati mwini nyumba anamwalira, mwana mmodzi sangagulitse yekha chuma cha masiye. Ndipo kuno kunyanja muwonjezere chiganizo ichi: anene pamene madzi anafika mu 2024.

Lachisanu: panganoli lidzatha liti? Ikani malire, kaya miyezi iwiri kaya itatu, kuti munthu amene anakuonetsani nyumba imodzi asadzabwere patapita zaka kudzaitanitsa komishoni pa nyumba imene mwapeza nokha.

Pomaliza musayine nonse awiri pamaso pa mboni ziwiri, mulembe manambala a ziphaso zanu za unzika, ndipo aliyense asunge pepala lake. Musachite manyazi kufunsa ngati ejentiyo analembetsedwa ku boma. Kale mu 1989 dziko lino linakhazikitsa lamulo lakuti anthu ogwira ntchito yoyerekeza mitengo ya nyumba, yogulitsa nyumba za ena ndi yogulitsa katundu pa okushoni azilembetsedwa. Wolembetsedwa ali ndi dzina loti aliteteze, pamene dobadoba akhoza kungosintha nambala ya lamya.

Tisaganize kuti vutoli ndi la ife tokha. Ku America ogulitsa nyumba anasumira bungwe la maejenti lotchedwa National Association of Realtors podandaula za kayendetsedwe ka komishoni. Bungwelo linavomera kulipira madola 418 miliyoni, ndipo kuyambira pa 17 Ogasiti 2024 ejenti wa m'bungwelo amene akugwirira ntchito wogula ayenera kusayinirana naye pangano lonena za malipiro ake asanamuonetse nyumba. Ngati anthu okhala ndi maloya ochuluka chotero anaona kuti mawu apakamwa ndi osakwanira, kuli bwanji mphunzitsi amene wasenza thukuta la zaka makumi atatu m'kachikwama kamodzi?

Ena adzati kupempha cholembedwa ndi mwano, makamaka ngati ejentiyo ndi mwana wa mnzathu kapena wopemphera naye. Maganizo otere ndi amene amadanitsa anthu. Anthu awiri oona mtima akhoza kukumbukira mosiyana zimene anagwirizana miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, ndipo pepala limawapulumutsa onse ku mkangano. Safunsa anadya phula.

Mawu otsiriza apite kwa inu achinyamata amene mwamaliza Folomu 4 ndipo mwayamba ntchito imeneyi posowa ina. Pangano lolembedwa limatetezanso inu. Ndi kangati mwayenda padzuwa sabata yathunthu kuonetsa munthu nyumba, kenaka iye n'kukakumana ndi mwini wake mwamseri, inu n'kutsala manja lende? Mukakhala ndi pepala losayinidwa muli ndi poyambira, kaya kwa mfumu kaya ku khoti. Ndipo wogula mmodzi amene mwamuuza zoona za madzi a nyanja adzakutumizirani anzake ambiri.

Mkulu uja anabwezeredwa theka lokha la ndalama zake, atayenda maulendo ambiri ndi kuchonderera abale a mnyamatayo. Lero akukhala m'nyumba ya lendi ku Salima boma, akali kufunafuna pogula, koma tsopano amayenda ndi kope ndi cholembera.

M'gawo lotsatira tidzaona za pangano lenileni logulitsirana nyumba, ndi njira yosinthira dzina pa zikalata za malo.