MUDZI WA M'KOMPYUTA: ZAKA ZA MUNTHU NDI LUSO LAKE

Lero tikambirana funso limene mfumu ya mudzi uliwonse imakumana nalo: kodi ntchito iyi ayenera kuigwira ndani, mwana, munthu wa nyonga kapena nkhalamba? Funso lomweli lili pakati pa masewera ena a pa kompyuta, m'mene wosewera amapatsidwa kagulu ka anthu kuti amange nako mudzi, kulima ndi kudzisamala kuti kasathe ndi njala.

Amodzi mwa masewera otere ndi Banished, amene anatuluka m'chaka cha 2014, ndipo anawapanga ndi Luke Hodorowicz. M'masewerawa anthu amabadwa, amakula, amakalamba ndi kumwalira. Ngati wosewera sanamange sukulu, mwana akangokwanitsa zaka 10 amayamba ntchito. Ngati sukulu ilipo, mwanayo amachedwa kulowa m'munda, akudya chakudya chimene sanalime, koma akamaliza maphunziro amapindula koposa mnzake wosaphunzira. Palinso msampha wina. Mukamanga nyumba zambiri nthawi imodzi, ana amabadwa ochuluka ndipo nkhokwe zimatha. Mukaleka kumanga, ana sabadwa, anthu onse amakalamba pamodzi, mudzi n'kusanduka bwinja.

Masewera ena, otchedwa RimWorld, anawapanga ndi Tynan Sylvester wa ku Canada, ndipo anamalizidwa mu 2018. M'menemo luso la munthu aliyense, monga kulima, kuphika, kumanga ndi kuchiritsa, limayesedwa kuyambira pa 0 kufika pa 20. Nkhalamba kawirikawiri imabwera ndi luso lalikulu, koma msana umaivuta ndipo maso amachita khungu. Wachinyamata ali ndi thupi lolimba, koma luso lake n'lochepa. Ndiponso luso lopitirira 10 limatsika pang'onopang'ono mwini wake akaleka kuligwiritsa ntchito. Opanga masewera anachita zimenezi mwadala, kuti pasakhale munthu mmodzi woposa anzake pa zonse, pakuti pamenepo wosewera sakanakhala ndi choganizira.

Tsono ana inu, bwererani kwanu ku Vubwi, m'dziko la Mfumu Pembamoyo, dera limene linakhala boma palokha mu 2012 litachotsedwa ku Chadiza. Taonani m'mudzi mwanu. Ndani amadziwa kuluka nkhokwe yosagwa, kuumba mbiya yosasweka pa moto, kapena kusankha mbewu ya nshawa yobzala chaka chamawa? Kawirikawiri ndi agogo. Nanga ndani angathe kugwetsa mtengo, kugwira pulawo tsiku lonse ndi kukweza matumba m'ngolo? Ndi atate, amayi, amalume ndi achimwene anu. Nyonga zili kwina, nzeru zili kwina, ndiye chifukwa chake akale anati mutu umodzi susenza denga.

Koma pali vuto limene tiyenera kulitchula mosabisa. M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, anyamata ena amaleka sukulu n'kukaweta ng'ombe za anthu ena kwa zaka zingapo, kuti pamapeto pake alandire ng'ombe imodzi. Ana ena amajomba m'nyengo yopalira ndi yokolola. Makolo sachita zimenezi chifukwa chodana ndi ana awo ayi. Amayang'ana njala ya chaka chino, monga wosewera uja amene sanamange sukulu. Chiyambire 2022 boma la Zambia linachotsa malipiro a sukulu kufikira ku sekondale, komabe banja likatumiza mwana ku sukulu limataya dzanja limodzi m'munda. Kodi kutayako kuli ndi phindu? Tiyeni tiwerengere.

Aphunzitsi, masewera awa safuna kompyuta. Gawani kalasi m'magulu awiri. Gulu lililonse litenge nyemba 4 kukhala ana, maso a chimanga 6 kukhala akuluakulu, ndi nshawa 2 kukhala nkhalamba. Malamulo ndi awa. Munthu aliyense adya thumba limodzi. Wamkulu wosaphunzira akolola matumba 2, wophunzira akolola 3, ndipo mwana wotumizidwa kumunda akolola thumba limodzi. Ana aphunzira pokhapokha atasiyidwa pa sukulu ndi pa mapazi a agogo. Ndime ikatha, ana onse akhala akuluakulu, akuluakulu atatu oyamba kubadwa akhala nkhalamba, nkhalamba zakale zichotsedwa, ndipo pabadwa ana ena anayi. Gulu loyamba litumize ana kumunda nthawi zonse, lachiwiri liwasiye aphunzire.

Pa ndime yoyamba gulu loyamba lidzakolola matumba 16, lachiwiri 12 okha, ongokwanira kudya. Oyambawo adzaseka anzawo. Pa ndime yachiwiri onse adzakolola 18. Pa ndime yachitatu gulu loyamba lidzapeza 20, koma lachiwiri lidzapeza 24, ana ake ali pa sukulu. Manambalawa ndi a masewera chabe, koma aonetsa bwino kuti phindu la maphunziro limachedwa kuoneka, ndi kuti chaka chovuta koposa kwa banja ndi choyamba chija, pamene m'nkhokwe mulibe chotsala.

Phunziro likatha, anawo ayankhe mafunso awa m'makope mwawo:

1. Chidzachitika n'chiyani kwa gulu lachiwiri ngati mvula ivuta pa ndime yoyamba? Kodi anansi angalithandize bwanji kuti ana asachoke pa sukulu?
2. Ngati nkhalamba zonse zichotsedwa zisanaphunzitse ana, mudzi udzataya chiyani?
3. Tchulani ntchito zitatu zimene mwana angathandize pakhomo ataweruka, popanda kujomba.

Ndipo inu ana, madzulo ano pitani kwa agogo anu, kapena kwa nkhalamba ina ya m'mudzi, mukawafunse mwaulemu luso limodzi limene analiphunzira ali a msinkhu wanu, ndi dzina la ntchito imene anayamba nayo. Mukalembe zimene mwamva, ndipo mawa mukawerengere anzanu m'kalasi. Tsalani bwino.