Malipenga a Kwathu ndi Maphwando a Zovala a ku Ulaya

Wolemba: Mlangizi wa Zaulimi, Rumphi

Chimanga chalowa m'nkhokwe, fodya wapita ku msika, ndipo madzulo ng'oma yayamba kumveka m'chigwa cha Henga ndi kunyanja, ku Mlowe ndi ku Chiweta. Anyamata atulutsa makabudula oyera m'mabokosi, akazi ali kuchapa masokosi aatali, ndipo atelala a pa Bolero ali kusowa ndi nthawi yodyera nsima yomwe. Iyi ndiyo nyengo ya Malipenga.

Alipo anzathu ena amene amaseka akaona mlimi wa manja okakala atamanga tayi, ndodo ili m'manja, anzake ali kumtchula Kingi. Amati nchibwana, kungotengera Azungu. Ine sindivomereza. Azunguwo nawonso ali nawo mwambo wakalekale wovala ngati munthu wina pa tsiku la chisangalalo, ndipo ndi bwino kuti ife alimi tiudziwe, popeza muli zokoma ndi zoopsa zomwe.

Mmene Zinayambira ku Ulaya

Kale Akhristu a ku Ulaya sankadya nyama m'nyengo ya Lenti, ndiwo masiku 40 aja otsogolera Pasaka. Tsono Lenti isanayambe ankamaliza nyama ndi mafuta zimene zinatsala m'nyumba, navina m'misewu. Chikondwerero chimenechi dzina lake ndi Carnival. Chinatchuka koposa ku Venice, mzinda wa ku Italy womangidwa pamadzi, kumene anthu amayenda pa ngalawa m'malo mwa galimoto. Kumeneko anthu ankavala zigoba kumaso, kotero kuti wolemera ndi wantchito wake ankatha kuima pamodzi osadziwana, ndipo mmphawi ankalankhula mawu amene tsiku lina akanammangitsa. Napoleon atagonjetsa mzindawo mu 1797 mwambowo unazirala, mpaka anaudzutsanso mu 1979. Lero umakoka alendo ochokera m'maiko onse.

Mafumu nawo ankaukonda mwambowu, koma ena unawatembenukira. Mu Januwale 1393 mfumu ya ku France, Charles VI, pamodzi ndi anzake 5, anavala ngati anthu a m'tchire. Zovalazo zinali za bafuta wopakidwa utomoni, namatapo ulusi wambiri kuti azioneka aubweya. Mng'ono wake wa mfumuyo anayandikira ndi muuni kuti aone kuti ovinawo ndani, ndipo moto unagwira. Anthu 4 anafa. Mmodzi anadziponya mumgolo napulumuka, ndipo mfumuyo anaipulumutsa ndi mkazi wa bambo ake aang'ono, amene anaifunditsa chovala chake chachitali. Inu amayi, kumbukirani nkhani iyi mukaona ana avala masaka ndi udzu wouma nkumavina pafupi ndi moto wa madzulo.

Pa 16 Malichi 1792 mfumu ya ku Sweden, Gustav III, inapita ku phwando la zigoba mumzinda wa Stockholm, ngakhale inalandira kalata yoichenjeza. Adani ake anabisala m'zigoba monga alendo ena onse, koma iyo anaizindikira msanga chifukwa cha nyenyezi yaufumu imene inali pachifuwa pake. Anaiombera, ndipo inafa patapita masiku 13.

Koma phwando limene ndifuna kuti muligwire bwino ndi la Mfumukazi Victoria ya ku England. Pa 12 Meyi 1842 inaitana alendo pafupifupi 2,000 ku nyumba yake ya Buckingham Palace. Mwamuna wake Albert anavala ngati Edward III, mfumu imene inalamulira zaka 500 m'mbuyomo, ndipo iyo inavala ngati Philippa, mkazi wa mfumu imeneyo. Masiku amenewo oomba nsalu za silika a ku Spitalfields, dera lina la London, anali pa umphawi chifukwa malonda awo anagwa. Tsono cholinga china cha phwandolo chinali chakuti alendo agule nsalu kwa oombawo, ndalama za chisangalalo zigwere m'manja mwa amisiri a kwawo komweko.

Palinso Halloween, usiku wa pa 31 Okutobala, umene ana athu amauonera pa mafoni. Uwu unachokera kwa alimi a ku Ireland ndi ku Scotland, ndipo unkagwa pamene kukolola kwatha, chisanu chili pafupi. Ana ankadzibisa m'zovala zachilendo nayenda khomo ndi khomo kulandira zakudya. Matenda ataononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845, anthu ochuluka anathawa njala kunka ku America, ndipo mwambowo anapita nawo. Kumeneko anayamba kuboola maungu, kuwasema maso ndi kamwa, ndi kuikamo nyali. Taonani tsono: Carnival ndi kumaliza chakudya chotsala, Halloween ndi kutha kwa zokolola. Ngakhale ku Ulaya, gule wa zovala anabadwira pa nkhokwe.

Nanga Malipenga Anachokera Kuti?

M'zaka za m'ma 1890, m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere monga Mombasa ndi Lamu, anyamata anayamba magulu ovina motsanzira perete wa asilikali a Azungu. Gule ameneyo anamutcha Beni, dzina lochokera ku liwu la Chingerezi lakuti band. Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 ndiyo inamufalitsa. Nkhondoyo sinali kutali ndi ife, pakuti pa 9 Seputembala 1914 Angerezi ndi Ajeremani anamenyana pa Karonga pomwepa. Makolo athu ena analowa usilikali wa King's African Rifles, umene akuluakulu ankautcha Keyala, ndipo ochuluka koposa anagwidwa kukhala a tengatenga, osenza katundu wa nkhondo pamutu. Ambiri a iwo anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Amene anabwerako anabwera ndi mayendedwe a perete m'miyendo mwawo.

Guleyo anasintha dzina malinga ndi kumene wafika. Ayao a ku Mangochi akali kumutcha Beni. Ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Kasungu kuli Mganda. Atonga a ku Nkhata Bay ndi ife kuno tili ndi Malipenga. Ku migodi ya ku Zambia kunali Kalela, amene J. Clyde Mitchell anamuonera ku Luanshya nalemba buku lake mu 1956, ndipo mbiri ya Beni yense inalembedwa ndi Terence Ranger mu 1975.

Gulu lililonse la Malipenga limatchedwa boma, ndipo ndi boma ndithu. Muli Kingi, amene savina koma amakhala mwaulemu atavala bwino koposa onse. Muli Kaputeni ndi Sajeni olongosola mizere. Muli Dokotala ndi Namwino oyendera ovina, kuona ngati asamba ndi ngati malaya ayera. Asilikali enieni anali ndi malipenga a mkuwa; makolo athu analibe, tsono anatenga zikho za m'munda, naboola, namatapo kachikopa koyera ka chisa cha kangaude. Munthu akaimbira m'kati mwake, liwu limatuluka lonjenjemera ngati la lipenga lenileni.

Kodi ankawaseka Azungu, kapena ankawasirira? Anthu ophunzira akhala ali kutsutsana pa funso limeneli. Ine ndiganiza kuti zonse ziwiri zinalipo, ndi chinanso chachitatu. Munthu amene anasenza bokosi la Kaputeni, wopanda nsapato, kuchoka ku Karonga mpaka kutsidya kwa Songwe, anafika kwawo nadzipanga Kaputeni mwini wake pamaso pa akazi ndi ana. Ichi nchimodzimodzi ndi wantchito wa ku Venice uja. Kusiyana kwake nkwakuti iye ankabisa nkhope, pamene wa Malipenga amafuna kuti mudzi wonse umudziwe kuti ndi mwana wa uje.

Tisasokoneze. Vimbuza sali m'gulu limeneli, pakuti amenewo ndi mankhwala a odwala. Gule Wamkulu wa Achewa nayenso si phwando la zovala ayi, ndipo amene anameta amadziwa chifukwa chake. Miyambo iwiriyi bungwe la UNESCO linailemekeza mu 2005 monga chuma cha dziko lonse lapansi. Malipenga ndi masewera, ndipo masewera amalipiridwa.

Amalipira Ndani?

Apa ndipo ntchito yanga ilowera. Boma likaitana boma linzake, alendo sabwera okha. Amabwera ndi akazi, ana ndi otsatira, nakhala masiku awiri kapena atatu. Pafunika ufa, mbuzi, nkhuku ndi mitsuko ya chindongwa, ndipo kunyanja pafunika kondowole ndi usipa wokwanira. Ulendo wina inunso mudzapita kwawo, ndipo simungapite ndi malaya achikasu pamene iwo anabwera ndi oyera. Pamenepo mwini nyumba amayang'ana nkhokwe, ndipo venda ali kale pamsewu ndi sikelo yake.

Mudziwa nonse kuti mu Juni ndi Julayi chimanga chimatsika mtengo popeza aliyense ali nacho, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale chimakwera popeza chasowa. Wogulitsa thumba kuti agule nsapato zovinira adzaligulanso pa mtengo woposa, ndipo ndalama yake adzaipeza pa ganyu m'munda wa mnzake, pa nthawi yomweyo imene munda wake uli kufuna kupalira ndi kubandira. Chaka chotsatira zokolola zimachepa. Ndaona Kingi wina amene mu Seputembala anthu ankamuimirira, koma mu Febuluwale ana ake ankagonera maungu okha. Gule analibe mlandu. Mlandu unali wa kusawerenga.

Sindinena kuti lekani Malipenga. Mudzi wopanda ng'oma anyamata ake amathera pa mowa, ndipo boma limene limadziwa kuima pa mzere umodzi likhozanso kukumba mgula umodzi. Chimene ndipempha ndi ichi: musanavomere kulandira alendo, mwamuna ndi mkazi akhale pansi nawerenge matumba amene banja lidzadya mpaka chimanga chatsopano, nawathire mankhwala a anankafumbwe, nawaike padera. Za gule zichokere pa zotsalazo.

Choposa apo, boma lililonse likhale ndi munda wake. Ngati muli ndi Kingi, Dokotala ndi Sajeni, msungichuma angakukanikeni? Pemphani malo kwa a mfumu, limani soya, mtedza kapena nyemba mwa chiwira tsiku limodzi pa sabata, ndipo amene ali m'mbali mwa Rukuru alime dimba la tomato ndi anyezi. Ndalama imeneyo igule nsalu, ndipo nsaluyo asoke telala wa m'mudzi mwanu, monga anachitira Victoria ndi oomba silika aja. Yunifolomu yochapidwa ndi kusungidwa bwino m'bokosi imatha zaka zingapo. Palibe lamulo lakuti chaka chilichonse isinthidwe.

Samalaninso masiku. Mu Seputembala ndi Okutobala nazale ya fodya imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo siidziwa kuti mwini wake ali ku gule. Opita kukavina asiye munthu wothirira. Maulendo onse athe Okutobala asanathe, kuti mvula yoyamba ipeze mizere yaunga ndi manyowa ali m'munda.

Pomaliza, za zikho. Anyamata ambiri tsopano amamata pepala la pulasitiki m'malo mwa chisa cha kangaude, ndipo limalira bwino ndithu. Koma chikho chenicheni cha khosi lalitali sichigulidwa m'sitolo. Sankhani zikho zokhwima, zosang'ambika, chotsani mbewu zake, ziumitseni pa mthunzi, ndipo muzisunge ndi phulusa pamalo pouma. Mvula ikakhazikika mu Disembala, bzalani m'mbali mwa munda kapena pa chulu, pamene zingayange pa mpanda kapena pa mtengo kuti makosi ake atalike mowongoka.