Waya umene umapotoza kampasi

Tengani kampasi, waya wa kopa ndi batire imodzi ya tochi. Ikani kampasi pa desiki mpaka singano yake itakhazikika n'kuloza kumpoto. Kenako goneketsani waya pamwamba pake, motsata mmene singanoyo yagonera, n'kugunditsa nsonga ziwiri za wayawo ku batire. Singano ipotoloka nthawi yomweyo, pomwe palibe waikhudza!

Izi ndi zimene Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona mu 1820. Magetsi akamayenda mu waya amapanga mphamvu ya maginito yozungulira wayawo. Dera limene mphamvuyo imafika ndi lomwe mabuku anu a Physics amati magnetic field. Tembenuzani batire, singano ipotolokera mbali inayo, chifukwa magetsi asintha kolowera.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pogoneka waya. Waya ukapingasana ndi singano, mphamvu yake imakoka motsata singanoyo, ndiye kawirikawiri siisuntha. Apa ena amayamba kunena kuti batire yatha, chonsecho ili bwinobwino.

Mulibe kampasi? Khulani singano yosokera pa maginito a sipika ya wailesi yakufa, mbali imodzimodzi maulendo angapo, n'kuiyandamitsa pa tsamba m'mbale ya pulasitiki ya madzi. Iloza kumpoto yokha.

Koma chonde, gunditsani kwa masekondi ochepa basi, waya umatentha msanga. Magetsi a pa soketi musawayese n'komwe, amapha.