Khirisimasi isadye munda: kukonza bajeti ya banja pa zikondwerero

Alimi anzathu, Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zimafika nthawi yomwe munda ukufuna ndalama kwambiri. M'madera ambiri chimanga timabzala mu Novembala kapena mu Disembala, ndipo pakatha masabata atatu chimafuna feteleza wobereketsa wa Urea. Nthawi yomweyo udzu umakhala utakula, kupalira kukudikira. Mu Januwale ana amabwerera kusukulu, kenako njala imakula, mtengo wa chimanga nkukwera.

Magulu ambiri a banki mkhonde amagawananso ndalama kumapeto kwa chaka. Zikafika m'manja zimaoneka zambiri, koma zimayenera kukufikitsani pokolola. Banja likazithera pa chikondwerero, mu Januwale limapita kuganyu m'minda ya ena, munda wawo uli m'tchire. Chimanga chochedwa kupaliridwa kapena kuthiridwa feteleza sichibereka bwino, choncho njala ya chaka chino imabala ya chaka chamawa.

Ndondomeko yokonzera bajeti

1. Khalani pansi banja lonse ndalama zisanabwere. Bambo, mayi ndi ana okulirapo aliyense anene zomwe akufuna, kuti pasadzakhale kulozana zala.

2. Lembani ndalama zomwe muli nazodi. Zomwe analonjeza m'bale wa m'tauni kapena wa ku Joni musaziwerengere mpaka zitafika. Paja fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

3. Werengani chakudya. Ngati banja lanu limadya thumba limodzi la makilogalamu 50 pamwezi, mukufunika matumba 4 kuyambira Januwale mpaka Epulo. Matumba amenewa si ogulitsa.

4. Patulani kaye ndalama za munda, za sukulu, za kuchigayo ndi ndiwo, komanso za mwadzidzidzi. Kumbukirani kuti malungo amachuluka nthawi ya dzinja.

5. Zotsalazo ndizo za chikondwerero.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti banja lalandira K200,000 ku banki mkhonde. Likhoza kuzigawa motere:

Feteleza, aganyu ndi mankhwala a mbozi: K90,000
Zofunika kusukulu: K40,000
Kuchigayo, mchere, sopo ndi ndiwo: K30,000
Za mwadzidzidzi: K15,000
Chikondwerero: K25,000

Manambalawa ndi ongophunzirirapo. Inu mugwiritse ntchito mitengo ya pamsika wa kwanuko.

Kusangalala mosawononga

Feteleza gulani tsiku lomwelo mwalandira ndalama. Ndalama ikagona m'nyumba imapeza zochita zina. Zomwe mwapatulira sukulu sungani padera, kaya kugulu kaya pa Airtel Money kapena Mpamba.

Mpunga, shuga ndi mafuta ophikira yambani kugula pang'onopang'ono mwezi wa Disembala usanafike, chifukwa masiku a chikondwerero akayandikira zinthu zimakonda kukwera mtengo. Ndiwo zichokere pakhomo: nkhuku, bakha kapena nkhunda. Katemera wa chitopa, akaperekedwa pa nthawi yake, amateteza nkhuku zanu kuti zifike pa Khirisimasi. Ngati mukufuna nyama ya mbuzi, sonkheranani mabanja angapo nkugawana imodzi.

Pa zovala, yambani ndi yunifolomu ndi nsapato zomwe mwana adzavalenso kusukulu. Gwirizananinso za ndalama ya zakumwa, ndipo ikatha, yatha.

Pewani katapila. Ngongole yotengera chikondwerero sibala phindu lililonse, koma mudzaibweza ndi chiwongoladzanja, mwinanso ndi zokolola zanu. Musagulitse feteleza, mbewu kapena chimanga cha m'nkhokwe pofuna kusangalatsa alendo. Mlendo wolandiridwa bwino amakhuta ndi zomwe zilipo.

Ntchito ya pagulu

Khalani m'magulu a anthu asanu ndipo mukambirane mafunso awa:

a) Kodi m'mudzi mwanu ndalama zambiri zimathera pa chiyani mu Disembala?
b) Ndi ntchito ziti za kumunda zomwe zimachedwa chifukwa ndalama zatha?
c) Kodi amayi ndi abambo angagwirizane bwanji pa kagawidwe ka ndalama?

Mukafika kunyumba, lembani bajeti ya banja lanu m'kope pamodzi ndi anzanu a pakhomo. Mubwere nayo pa tsiku la phunziro lotsatira kuti tidzaunikire limodzi musanayambe kugula.