Nambala yachinsinsi njanu nokha

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzanga kuno ku Likangala amene tikusunga ndalama za mpunga ndi matemba m'foni, kaya pa Airtel Money kaya pa TNM Mpamba.

Mwezi watha alamu anga, mayi wamasiye, adalandira uthenga woti wina wawatumizira ndalama molakwitsa. Posakhalitsa bambo wina adaimba foni akulira, amvekere nza maliro, mundibwezere. Mayiwo adagwidwa chisoni natumiza. Uthengawo udali wabodza, ndipo thukuta lawo la dzinja lonse lidapita.

Abale, uthenga wotere ukafika, yambani mwaona nokha ndalama zimene zili m'foni mwanu. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wodzitcha wa kukampani kapena wa Mtukula Pakhomo, pakuti a kampani safunsa nambalayi. Kwa ejenti, dinani nokha mutaphimba ndi dzanja. Musasankhe chaka chanu chobadwa kapena 1234. Foni ikabedwa, thamangani mukatseketse nambala yanu tsiku lomwelo.

Mafumu ndi aphunzitsi, lengezani zimenezi pamisonkhano. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Likangala, Zomba.