Gemu Ikakana Kulumikizana ndi Seva: Fufuzani Pomwe Unyolo Waduka

Mwatsegula Steam kapena Epic Games Launcher kuti musewere. Kachizindikiro kazungulirazungulira, kenako patuluka uthenga wa m'Chingerezi woti pulogalamuyo yalephera kulumikizana ndi seva. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kufufuta pulogalamu yonse n'kuyamba kupanganso dawunilodi. Ine ndikuti dikirani kaye, anzanga. Mukachotsa Steam, magemu amene ali m'foda yake amathanso kupita nawo limodzi, ndipo gemu imodzi yamakono imatha kuposa magigabayiti 50. Bandulo imeneyo muitenga kuti? Chopweteka kwambiri n'chakuti nthawi zambiri vuto silikhala mu pulogalamuyo n'komwe.

Seva ndi kompyuta chabe, koma yamphamvu, yomwe imakhala yoyaka usana ndi usiku kudikira makompyuta ena kuti aifunse zinthu. Mukatsegula Steam, yomwe kampani ya Valve inayambitsa mu 2003, imatumiza uthenga ku seva kuti itsimikizire kuti ndinudi eni akaunti komanso kuti ione ngati gemu yanu ikufunika kukonzedwanso. Uthengawu umadutsa m'manja ambiri: kompyuta yanu, rauta kapena hotspot ya foni, kampani imene imakugulitsani intaneti, zingwe zikuluzikulu zodutsa m'mayiko, kenako seva. Ndi unyolo umenewu, ndipo ukaduka pamalo amodzi okha, mumalandira uthenga womwewo. Ndiye ntchito yathu ndi yofufuza pomwe waduka, kuyambira pafupi kupita kutali.

Choyamba: intaneti ilipo?

Chizindikiro cha Wi-Fi chikadzaza, chimangotanthauza kuti kompyuta ikumvana ndi rauta kapena foni. Sichikunena kanthu za kupitirira pamenepo. Mwina bandulo yatha, kapena imene mwagula ndi ya WhatsApp ndi Facebook yokha, yomwe siilola uthenga wopita ku Steam kudutsa.

Pa Windows, tsegulani Command Prompt n'kulemba ping 8.8.8.8. Lamuloli limatumiza timauthenga tinayi ku seva ya Google n'kuwerenga nthawi imene yankho latenga kuti libwere. Mayankho akabwera, msewu ndi wotseguka. Akapanda kubwera, zimitsani rauta kapena hotspot kwa kamphindi n'kuyatsanso, muonenso bandulo. Dziwaninso kuti manetiweki ena, monga a m'masukulu, amatsekera dala ping, choncho yesaninso kutsegula tsamba lililonse pa browser.

Chachiwiri: dzina likusanduka nambala?

Makompyuta sadziwana ndi mayina koma ndi manambala otchedwa IP address. Ntchito yosandutsa dzina kukhala nambala imagwiridwa ndi DNS. Zili ngati mayina osungidwa m'foni mwanu: inu mumasankha "Malume", koma foni imayimba nambala. Tsopano lembani ping google.com. Ngati nambala ija inayankha koma dzinali lakanika, wolakwa mwamupeza: ndi DNS. Taonani mmene tachitira apa. Tasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse zili chimodzimodzi, monga mmene timachitira mu labu.

Pokonza, lembani ipconfig /flushdns kuti kompyuta iiwale manambala akale omwe inasunga. Zikakanikabe, sinthani DNS m'masetingi a netiweki, muike 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare.

Chachitatu: wotchi ili bwino?

Ichi ndiye chimadabwitsa anthu ambiri. Kompyuta yanu isanapereke pasiwedi, seva imayamba yaonetsa satifiketi yotsimikizira kuti ndi yeniyeni. Satifiketiyo ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Ngati wotchi ya kompyuta ikunena kuti tili mu 2010, imaona ngati satifiketiyo sinayambe kugwira ntchito, ndiye imakana kulankhula ndi seva. Ikukutetezani, koma ikudalira kalendala yabodza.

Zimenezi zimachitika kawirikawiri pa makompyuta akale. M'kati mwake muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri ka mtundu wa CR2032, komwe kamayendetsa wotchi kompyuta ikazima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima tsiku limabwerera m'mbuyo. Konzani tsiku ndi nthawi, ndipo ngati muli ku Malawi kapena ku Zambia sankhani UTC+2, yomwe pa Windows yalembedwa kuti Harare, Pretoria. Likamabwererabe, kabatireko kasinthidwe.

Chachinayi: mlonda wa pageti

Uthenga umalowa ndi kutuluka m'kompyuta kudzera m'makomo okhala ndi manambala, otchedwa ma port. Masamba ambiri a pa intaneti amadzera pa 443, pomwe Steam imagwiritsanso ntchito makomo a m'ma 27000. Firewall ndi mlonda amene amasankha makomo otsegula. N'chifukwa chake zimatheka kuti YouTube ikuyenda bwinobwino koma gemu ayi. Pa kompyuta yanu, lowani m'masetingi a firewall mulole pulogalamu yokhayo kudutsa. Musazimitse firewall yonse. Kumeneko ndi kuchotsa mlonda chifukwa wakaniza mlendo mmodzi. Ngati mwayatsa VPN, izimitseni kaye muyesenso. Koma ngati muli mu labu ya kusukulu, makomowo anatsekedwa mwadala, ndipo si anu oti mutsegule.

Chachisanu: mwina vuto lili kutali

Malawi alibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imadzera m'zingwe za fibre zodutsa m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Pa 12 May 2024 zingwe ziwirizi zinaduka, ndipo intaneti inavuta m'mayiko angapo a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Tsiku ngati limenelo, palibe batani la pa kompyuta yanu limene lingathandize.

Ngakhale zingwe zili bwino, mtunda umawerengedwa. M'chingwe cha fibre kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, kupita ndi kubwera 16,000. Gawani: mupeza mamilisekondi 80, ndipo pamenepo ndiye kuti chingwe chawongoka ngati rula, zomwe sizichitika. Ku Johannesburg, komwe Valve ili ndi maseva ena, ndi makilomita pafupifupi 1,500, kutanthauza mamilisekondi 15. Choncho gemu ikakupatsani mwayi wosankha seva, yambani ndi yapafupi.

Nayo seva imapumitsidwa kuti ikonzedwe. Steam imakonda kuchita zimenezi Lachiwiri masana ku America, pomwe kuno ndi pakati pa usiku kuchera Lachitatu. Funsani mnzanu amene ali pa netiweki ina. Ngati nayenso zikumukanika, ingodikirani.

Chenjezo langa ndi ili: musapange dawunilodi timapulogalamu tolonjeza kukonza vutoli nthawi yomweyo, ndipo musapatse munthu pasiwedi yanu kuti akukonzereni. Maakaunti ambiri amabedwa motero.

Kufufuta pulogalamu kukhale komalizira, zisanu zonsezi zitalephera, ndipo musanatero sungani foda ya steamapps pamalo ena. Poyesa, sinthani chinthu chimodzi, lembani m'kope zimene zachitika, kenako mupite pa chotsatira.